Zingwe za Amama ndi Tepi ya Boma

Aphungu,

Mayankho anu ndimawawerenga pa nyuzipepala zakale zimene abwana amabweretsa kusitolo kuti tizikulungira nsalu. Ndinkaseka anzanga olemba za amuna osagona pakhomo, osadziwa kuti tsiku lina nane ndidzagwira cholembera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Langa si vuto la banja, sindinakwatiwe. Langa ndi la zitsime. Chichewa changa chikapindika penapake mundikhululukire, kunyumba timayankhula Chitumbuka.

Ndili ndi zaka 29. Ndimagulitsa nsalu m'sitolo ya a Isaka m'tauni muno, ndipo ndimakhala ndi bambo anga ku Mchengautuwa. Adada, monga timawaitanira, ndi a Ackim, ndipo moyo wawo wonse akhala okumba zitsime. Ku Zolozolo, ku Mzilawaingwe, kwathu komwe kuno, zitsime zawo zonse pamodzi zilipo 27. Palibe ngakhale chimodzi chimene chinagumukapo.

Sankakumba okha. Pamwamba pankakhala amama, a Keziya. Anthu ankaseka akawaona pamsewu: adada aatali ngati bulugamu, amama ongowalekeza m'khwapa, atasenza chingwe ndi ndowa. Azimayi ena ankawanena kuti imeneyo si ntchito ya munthu wamkazi. Amama ankangoyankha kuti, "Mwamuna wanga ali pansi pa nthaka, ndiye chingwe chake ndigwiritse waganyu?" Ndiwo ankakoka dothi, ndiwo ankatsitsa njerwa, ndiwo ankagwira chingwe adada akamakwera. Anachita zimenezi zaka makumi atatu.

Onse awiri kusukulu sanapondeko, koma amama anali ndi kalembedwe kawokawo. Chitsime chilichonse anachipangira kachingwe ka khonje. Adada akaweruka, amama ankatsitsa chingwe chachikulu mpaka pansi pa dzenje, kenako n'kumachikoka akuchiyesa ndi manja otambasula, kuchokera kunsonga ya zala za dzanja ili kukafika za linalo. Muyeso umenewu ndiwo mkwamba. Mkwamba ukakwana, ankamanga mfundo imodzi pa kachingwe kaja. Pa mfundopo ankasomekapo ulusi: wofiira ngati pamenepo panali katondo, woyera ngati unali mchenga, wakuda ngati anali makande. Pamene madzi anayambira kutuluka ankaikapo mkanda, pamene njerwa zinalekezera ankaikapo batani. Kumutu kwa kachingweko ankamangirirako kansalu kopempha kwa mayi wa pakhomopo, kuti chitsime chizidziwika mwini wake.

Amama anatisiya chaka chatha mu Epulo. Tilibe ngakhale chithunzi chawo chimodzi. Ankakana kujambulidwa, ati pambali pa adada angaoneke ngati mwana wa sukulu. Chimene anatisiyira ndi sutukesi yachitsulo yodzaza tizingwe timeneti. Ndikuchita manyazi kunena, Aphungu, koma zina za iwo zayamba kundithawa m'mutu. Mawu awo ndimawamvabe. Koma ndikatsinzina kuti ndiwaone ataima pakhomo, chithunzi sichibweranso bwino, ndipo zimandipweteka kwambiri.

Tsono vuto ndi ili. Mvula yapitayi ana ambiri kuno anadwala m'mimba, ndiye kunabwera lamulo loti chitsime chilichonse chilembedwe m'kaundula. Atcheyamani a chipani a nthambi yathu anaitanitsa msonkhano, ndipo bambo wina wa ku ofesi yoona za madzi, a Fyson, anatifotokozera za fomu yake. Imafuna dzina la amene anakumba, chaka, kuya kwa chitsime m'mafiti, mtundu wa dothi, pamene madzi anapezeka, pamene njerwa zinafika, ndi kutalika kwa mtunda wopita kuchimbudzi. Chitsime chimene chidzakhale chilibe fomu yolondola pofika kumapeto kwa Okutobala adzachitseka.

Anthu anatuluka pamsonkhanopo akudandaula, koma adada anafika kunyumba akumwetulira, koyamba chimwalirireni amama. Anakoka sutukesi ija kunsi kwa bedi n'kunena kuti, "Eness, mwana wane, tenga pensulo. Anyoko analemba kale zonse." Ankanena amama.

Masabata atatu, tikaweruka kutchalitchi, tinkakhala pakhonde. Maso a adada anachita ng'ala, ndiye tizingweto amawerenga ndi zala. Akangokhudza kansalu ka kumutu, basi nkhani yayamba. "Ichi n'cha a Percy ku Zolozolo, chaka chimene iwe unamera mano. Katondo, katondo, katondo, apa mchenga. Apa ndinakuwa kuti maji, anyoko n'kugwetsa ndowa ndi chimwemwe, pang'ono kundiswa mutu." Ankaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinkalemba. Chimwalirireni amama sindinakhalepo ndi masiku okoma ngati amenewo.

Fomu imafuna mafiti, tizingwe tili ndi mikwamba. Apa sindinavutike n'komwe. Kusitolo mkwamba ndi mayadi awiri, amene ndi mafiti sikisi, ndipo nsalu ndimadula tsiku lililonse. Pofuna kutsimikiza ndinabwereka tepi kuntchito, adada n'kutambasula manja pakhoma, anakwana mafiti sikisi ndendende. Choncho mfundo iliyonse ndinaichulukitsa ndi sikisi. Mafomu onse 27 ndinawalemba bwinobwino, opanda pofufuta, tinakapereka titavala za kutchalitchi.

Patatha sabata a Fyson anabwera ndi tepi yawo yaitali, yokhala ndi chitsulo kunsonga, kudzayesa zitsime zitatu zimene anasankha okha. Cha a Percy chili ndi mfundo 8, ine ndinalemba mafiti 48, tepi inapeza 40. Cha mayi Rhoda ku Mzilawaingwe chili ndi mfundo 6, ndinalemba 36, tepi inapeza 30. Cha a Yona, aneba athu, chili ndi mfundo 10, ndinalemba 60, tepi inapeza 49.

A Fyson si munthu woipa. Anakanda m'mutu n'kunena chapansipansi kuti, "Madala, pepani chomene, koma manambala awa sakugwirizana. Ine sindingasaine zimenezi." Koma atcheyamani analipo, ndipo anayankhula anthu onse akumva: "A Ackim, kunamiza boma ndi mlandu." Kulemera kwa mawu amenewa masiku ano mukukudziwa nokha, sindionjezerapo.

Kuyambira tsiku limenelo adada sakudya bwino. Anthu amene amwa madzi awo zaka zonsezi ayamba kunong'onezana kuti madala aja ankangokokomeza, zitsime zawo n'zosaya. Zimenezo iwo sakuzilabadira. Chimene akubwereza ndi chimodzi: "Keziya sananamepo, yayi. Ngati tepi ikutsutsa Keziya, ndilowamo ndekha ndikaone ndi manja anga." Atulutsa chingwe chachikulu chija, akuchiyanika padzuwa, akuchikoka kuona ngati chikadali cholimba. Munthu wa zaka 71, mawondo onjenjemera, chifuwa chosatha. Ndachibisa kawiri kwa aneba, kawiri konse akachitenga. Ndikakhala kusitolo mtima umakhala uli m'mwamba, aliyense wolowa mothamanga ndimayesa wabwera ndi uthenga.

Azakhali anga andipatsa nzeru. Akuti ndilembe kalata ku ofesi yonena kuti amama anali osaphunzira, ankasokoneza kuwerenga, ndipo ife tinangotsatira zingwe zawo mosadziwa. "Wakufa samangidwa," anatero, "pulumutsa amene ali moyo." Kalatayo ndinailemba, Aphungu. Ili m'Baibulo langa, lero ndi tsiku lachinayi. Ndikati ndiitenge, ndimaibwezeranso momwemo. Ndikudziwa kuti adada akadzamva sadzandikhululukira. Komanso ndikapanda kuipereka, ndikuopa kuwapeza pansi pa chitsime, kapena kuwaona akutengedwa ngati munthu wabodza, uku mabanja 27 akutsekeredwa madzi.

Mwina amama ankalakwitsadi? Munthu wotopa, dzuwa likulowa, sangadumphe mfundo? Ndiuzeni chochita. Kalata ija ndikapereke?

E. A. M.
Mzuzu

Mwana wanga E. A. M.,

Kalata ili m'Baibuloyo muitulutse lero lomwe, muyatsire moto wa tiyi. Amayi anu sanalakwe. Bambo anu sananame. Tepi ya a Fyson nayonso yanena zoona. Wolakwa pa nkhaniyi ndi mmodzi yekha, ndipo ndi yemweyo wandilembera kalata yokomayi. Musagwe mphwayi, kulakwa kwanu n'kwa munthu wodziwa ntchito yake, ndipo kukonzeka ndi pensulo yomweyo.

Ndikufunseni: manja amene ankayesa chingwe anali a yani? Mwandiuza nokha kuti anali a amayi anu, munthu wolekeza m'khwapa mwa mwamuna wake. Nanga inu munayesa a yani? Munaimika bulugamu pakhoma, munthu amene zaka makumi atatu ankakhala pansi pa dzenje, amene chingwecho sanachiyesepo ngakhale tsiku limodzi. Mkwamba wa m'sitolo ya a Isaka ndi mayadi awiri, inde. Koma amayi anu sankadula nsalu. Mkwamba wawo unali wa manja awo.

Ndisanayambe kuyankha makalata ndinaphunzitsa masamu kupulayimale, ndiye manambala anu ndinangowaika kuseri kwa envulopu yanu yomwe. Mafiti 40 kugawa pa mfundo 8, zikupatsa asanu. Mafiti 30 kugawa pa mfundo 6, asanu. Cha a Yona chiyenera kukhala 50, tepi yapeza 49, ndipo fiti imodziyo ndi matope amene akhala akudikha pansi zaka zonsezi. Munthu wotopa akhoza kudumpha mfundo, n'zoona. Koma sangalakwitse mofanana katatu, m'madera atatu, zaka zosiyana. Mkwamba wa amayi anu unali mafiti asanu, ndipo sanauphonye. Ndakhala ndikuona mabuku a anthu a mataye amene safika pa kulongosoka kwa tizingwe timeneto.

Woyamba kumva zimenezi akhale bambo anu, osati a ku ofesi. Madala aja sakusala chakudya chifukwa choopa mlandu. Akusala chifukwa mkazi wawo watsutsidwa pagulu iye kulibe woti adziyankhire. Musangowauza ndi pakamwa. Ngati pakhomo panu pali chitsime chimene anakumba okha, ndipo sindikayika kuti chilipo, apatseni kachingwe kake awerenge mfundo ndi zala. Inu muchulukitse ndi zisanu, munene nambala mokweza musanayese. Kenako mangani mwala ku chingwe, autsitse iwo ataima pamwamba, inu muyese ndi tepi. Nambala ikafanana, akhala atalowa m'chitsime ndi manja awo monga akufunira, mapazi ali panja.

Mukatero pitani nawo kwa a Fyson, sutukesi ili pamutu. Musazungulire. Nenani kuti, "Ndinalakwitsa ndine, ndinachulukitsa ndi manja olakwika," muwaonetse masamu atatu aja. Apempheni asankhe zitsime zina zitatu, zilizonse, inu mulembe manambala anu papepala iwo asanatsitse tepi. Munthu amene anakana kusaina zinthu zosagwirizana ndi munthu wokonda zolondola, ndipo wotere savuta kumva. Atcheyamani muwadziwitse mwaulemu wonse, ndipo muwapemphe chinthu chimodzi: poti mawu aja ananenedwa anthu akumva, kukonza kwake kunenedwenso anthu akumva.

Pemphani mafomu atsopano. Musaiwale kuti mkanda ndi batani nazonso ziyenera kuwerengedwanso ndi zisanu, chifukwa malo amene madzi anatulukira ndi pamene njerwa zinalekezera munawatalikitsa chimodzimodzi. Pa fomu iliyonse onetsani poyera kuti nambala iyi yachokera pa kachingwe, iyi tayesa lero. Chimene simukuchidziwa, monga chaka chimene bambo anu akuchikayikira, lembani kuti sitikudziwa. Mawu amenewo sanamangitsepo munthu, koma kulota manambala ndiko kumabweretsa mavuto. Gulani pepala la kaboni kuti fomu iliyonse ituluke pawiri, ina izikhala kwa mwini chitsime. Mawa wina akadzafuna kuchikonza kapena kuikapo mpope, adzadziwa chimene chili pansi asanaike moyo wake pachiswe.

Pali mzere umodzi umene tizingwe sitingakuthandizeni, wa chimbudzi. Mchengautuwa wa lero si uja amayi anu ankamudziwa. Nyumba zathinana, ndipo zimbudzi zambiri zinakumbidwa zitsime zilipo kale. Mtunda umenewo mukayese nokha khomo ndi khomo, ndipo mulembe zimene mwapeza, ngakhale mwini chitsime akuyang'aneni ndi maso achisoni. Ndikuuziranitu kuti pa 27 paja zina zidzatsekedwabe. Zikatero musakachonderere. Mayi amene anakana kugwiritsa waganyu chingwe cha mwamuna wake sakanalola mwana wa mnzake kumwa madzi odwalitsa.

Pa mzere wofunsa amene anakumba, munalembapo dzina limodzi, ndikhulupirira. Nthawi ino mulembepo awiri, Ackim ndi Keziya. Chithunzi anakana, koma m'kaundula wa boma alowemo ka 27.

Azakhali anu musawakwiyire, ananena chifukwa cha mantha ndi chikondi. Wakufa samangidwa, n'zoona. Koma mukanapereka kalata ija, bambo anu akanaika maliro a mkazi wawo kachiwiri, ndipo wokumba manda ake mukanakhala inu.

Tsopano machenjezo anga. Munthu aliyense asalowe m'zitsime zimenezo, kaya bambo anu, kaya wina wodzitama mphamvu. Chitsime chakale chimasunga mpweya woipa umene umazimitsa kandulo, ndipo munthu umamugwetsa asanakuwe n'komwe. Chingwe chachikulu chija musachibisenso kwa aneba, chitengeni kusitolo a Isaka akachitsekere mpaka nkhaniyi ithe. Musachedwenso, Okutobala sali patali, ndipo pakadafunda padajiwitsa galu. Tizingwe mukaonetse ku ofesi koma musakatisiye kumeneko. Boma likufuna manambala, tizingweto n'tanu.

Chomaliza. Mwati amayi anu ayamba kukuthawani m'maso. Ntchito yonseyi ikatha, dulani chingwe chatsopano cha khonje, mafiti asanu ndendende, chopanda mfundo. Nsonga imodzi agwire bambo anu, ina mugwire inu, muchitambasule. Amenewo ndiwo manja amene anakoka dothi la zitsime 27, ndi amene ankakufungatirani muli mwana. Akhala akusungidwa pansi pa nthaka ya Mzuzu nthawi yonseyi, mpaka tepi ya boma yawavumbula.

Koma chenjerani, mwana wanga. Musayesere zimenezi pa kauntala, makasitomala ali pamzere. Mukachitire kunyumba, pakhonde paja, chifukwa mudzalira nonse awiri.

Phungu wanu